KABUKU KA OPEMPHAPEMPHA NDI MFUMU HENRY VIII

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za kabuku kena kamene kanalembedwa m'Chingelezi zaka pafupifupi 500 zapitazo. Kanali kochepa ndithu, kotero kuti munthu akanatha kukabisa m'malaya ndi kukawerenga konse ola limodzi lisanathe. Koma kanakhudza funso limene linagwedeza dziko la England kwa zaka zambiri, ndilo lakuti: kodi mwini mphamvu pa Mpingo ndani, Papa wa ku Roma ndi mabishopu ake, kapena mfumu ya dzikolo? Ena a inu ndinu Akatolika, ena Aanglikani, ena a mipingo ina, ndipo ena ndinu Asilamu. Sindinabwere kudzaweruza chikhulupiriro cha munthu aliyense. Ndifuna tione pamodzi chimene chinachitika pamene munthu wina analankhula kwa mfumu m'dzina la amphawi, ndi chimene amphawiwo anapezapo.

Poyamba tiyenera kudziwa m'mene zinthu zinaliri. Pamene Henry VIII analowa ufumu m'chaka cha 1509, m'England monse munali Mpingo umodzi wokha, ndipo mutu wake anali Papa. Mpingowo unali ndi minda yambiri, nyumba za amonke ndi asisitere zoposa 800, ndiponso mabwalo akeake a milandu. Milandu ya maukwati, ya mawilo a anthu omwalira ndi ya chiphunzitso chonyenga inali kupita ku bwalo la bishopu, osati ku bwalo la mfumu. Mlimi anali kupereka chakhumi cha dzinthu zake. Munthu akamwalira, m'malo ambiri wansembe anali ndi mphamvu yotengako chinthu chimodzi cha womwalirayo, kaya chiweto kaya chovala chake chabwino. Kotero munthu wamba anali pansi pa malamulo a mitundu iwiri, ndipo malire a malamulowo ndiwo anali kuutsa mikangano.

Mkangano wina wotchuka unayamba ndi maliro a khanda. M'chaka cha 1511 munthu wina wa malonda a nsalu ku London, dzina lake Richard Hunne, anataya mwana wake wa masabata asanu okha. Wansembe amene anaika maliro anafuna kutenga nsalu imene mwanayo anabatizidwiramo. Hunne anakana, nati khanda lilibe katundu, nsaluyo ndi ya atate ake. Bwalo la Mpingo linamugamula kuti walakwa. Pamenepo iye anakasuma ku bwalo la mfumu, kunena kuti bwalo la Mpingo ndi bwalo lachilendo, pakuti mphamvu yake ichokera ku Roma. Posakhalitsa anamugwira pa mlandu wa chiphunzitso chonyenga, namutsekera m'ndende ya bishopu pa tchalitchi cha St Paul. M'mawa wa pa 4 Disembala 1514 anamupeza ali lende pa chingwe, atafa. Akuluakulu a Mpingo anati wadzipha yekha. Koma amuna amene anasankhidwa kufufuza za imfayo anati waphedwa, ndipo analoza chala Dr William Horsey, nduna ya bishopu wa London. Horsey sanazengedwe mlanduwo mpaka pamapeto. Mtembo wa Hunne unatenthedwa monga mtembo wa munthu wampatuko, ndipo anthu a mu London sanaiwale.

M'chaka chotsatira, pa msonkhano wokamba za mphamvu za mabwalo awiriwa, Henry ananena poyera kuti mafumu a England sanakhalepo ndi wowaposa wina koma Mulungu yekha. Musaganize kuti pa nthawiyo anali mdani wa Papa. Mu 1521 anatulutsa buku lotsutsa Martin Luther, ndipo Papa Leo X anamupatsa dzina laulemu lakuti Mtetezi wa Chikhulupiriro. Koma za ulamuliro wake anali wansanje chiyambire.

Tsono tifike kwa mwini kabuku kathu. Dzina lake linali Simon Fish, wophunzira malamulo ku Gray's Inn mu London. Iye anathawira kutsidya kwa nyanja atalowa m'sewero lina loseka Kadinala Thomas Wolsey, nduna yaikulu ya mfumu. Ali kumeneko analemba kabuku kotchedwa A Supplication for the Beggars, ndiko kunena kuti Pempho la Opemphapempha. Kanasindikizidwa kunja, popanda dzina la mlembi, ndipo kanalowa mu England mobisa cha mu 1529.

Nzeru ya Fish inali pa kusankha wolankhula. Sanalembe ngati loya kapena ngati mphunzitsi wa za Mulungu. Analemba ngati kuti akhate, olumala, akhungu ndi odwala a m'misewu agwada pamaso pa mfumu kudandaula kuti akufa ndi njala. Chifukwa chake? Pakuti, iye anati, m'dziko mwalowa opemphapempha a mtundu wina, amphamvu ndi onenepa, ndiwo mabishopu, ansembe ndi amonke, ndipo alanda zonse zimene amphawi enieni akanalandira. Ananena kuti anthu amenewa atenga gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko lonse. Anawaneneza kuti aipitsa akazi a eni. Anakumbutsa mfumu za Richard Hunne. Anatsutsa chiphunzitso cha Purigatoriyo, amene Akatolika akhulupirira kuti ndi malo oyeretsera mizimu isanalowe kumwamba. Anati ngati Papa atha kutulutsa mzimu m'menemo ndi ndalama, athanso kuutulutsa popanda ndalama, ndipo ngati satero ndiye kuti alibe chifundo.

Koma mfundo yake yaikulu inali yolasa mtima wa mfumu. Anauza Henry kuti m'kati mwa ufumu wake mwamera ufumu wina. Mabishopu ndi akulu a amonke achuluka m'chipinda cha akuluakulu cha Nyumba ya Malamulo, Chansala amene ayang'anira oweruza amakhala wansembe, ndipo munthu akasumira wansembe amasanduka wampatuko. Nanga lupanga la mfumu lili kuti? Mankhwala amene anapereka ndi awa. Anati kumanga zipatala zina n'kosathandiza, pakuti ansembe ndiwo adzadya phindu lake. Mfumu ilande chumacho, ansembe akwatire ndi kugwira ntchito ndi manja awo, ndipo okana awamangirire ku ngolo ndi kuwakwapula m'misika. Sungani m'mtima mawu a ngolo ndi chikwapuwa, chifukwa tidzawapezanso kutsogoloku.

Tsopano ndipempha aphunzitsi ndi ana a sukulu kuti atenge pensulo, pakuti m'kabukumo muli samu imene inadabwitsa anthu ambiri. Inali yonena za amonke oyendayenda, amene lamulo la chipani chawo linali lakuti azidya za kupempha. Fish anati m'England muli maparishi 52,000, ndipo parishi iliyonse ili ndi mabanja 10. Amenewo ndi mabanja 520,000. Banja lililonse lipereka peni imodzi kwa chilichonse cha zipani zisanu za amonkewo pa miyezi itatu iliyonse, ndiwo mapeni 20 pa chaka. Okalamba pakati panu akumbukira kuti mapeni 12 anali sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 anali paundi imodzi. Mukachulukitsa ndi kugawa mupeza mapaundi 43,333, masheleni 6 ndi mapeni 8. Samuyo ndi yolondola mpaka peni yotsiriza, ndipo chifukwa cha kulondolako owerenga anaikhulupirira. Koma maparishi a England sanali 52,000. Anali pafupifupi 9,000. Mukaika nambala yoonayo m'samu yomweyo mupeza mapaundi 7,500 okha, ndipo ngakhale apo mwayesa kuti banja lililonse linali kupereka mosaphonya, chinthu chimene Fish sanachitsimikize. Mwana wa sukulu akakhoza kuchulukitsa koma atakopera nambala yolakwa pa bolodi, yankho lake ndi lolakwabe.

Amene anaona cholakwa chimenechi msanga anali Sir Thomas More, loya wanzeru amene anakhala Chansala mu Okutobala 1529. M'chaka chomwecho anayankha ndi buku lotchedwa The Supplication of Souls, ndilo Pempho la Mizimu. Taonani, nayenso anabwereka pakamwa pa ena. Fish analankhula m'malo mwa opemphapempha, More analankhula m'malo mwa mizimu ya m'Purigatoriyo, yopempha abale ake amoyo kuti asaleke kuipempherera. Anatsutsa nambala ya maparishi, anateteza Horsey pa mlandu wa Hunne, nachenjeza kuti kulanda chuma cha Mpingo kudzachulukitsa opemphapempha m'malo mowachepetsa. Koma buku lake linali lalitali koposa kakhumi kuyerekeza ndi kabuku ka Fish. Bodza lalifupi lifuna mayankho ambiri, ndipo si onse amene anawerenga kabuku amene anapirira kuwerenga yankho lake.

Kodi ndani ananena zoona? Zolakwa zinalipo ndithu. Panali ansembe olandira malipiro a maparishi angapo amene sanali kukhalako, ndipo Wolsey mwini anali ndi chuma chonga cha mfumu. Ndiponso gawo la chuma cha amonke limene linali kufika kwa amphawi linali laling'ono. Koma olemba mbiri a m'nthawi yathu, monga Christopher Haigh ndi Eamon Duffy, atafufuza mawilo ndi mabuku a maparishi, apeza kuti anthu ambiri a m'midzi anali kukhala bwino ndi ansembe awo, namasiyira matchalitchi awo mphatso mwa kufuna kwawo. Mkwiyo waukulu unali pakati pa maloya ndi a malonda a mu London, amene anali kudana ndi mabwalo a Mpingo. Mawu amene anamveka ngati a opemphapempha anali mawu a loya.

Chifukwa ninji tsono kabuku kotere kanafika patali? Chifukwa kanafika pa nthawi imene mfumu inali kukafuna. Henry analibe mwana wamwamuna wolowa ufumu. Anafuna kuti Papa Clement VII anene kuti ukwati wake ndi Catherine wa ku Aragon sunali ukwati weniweni, kuti akwatire Anne Boleyn. Papa sanathe kuvomera, pakuti Catherine anali m'bale wa mayi ake a Mfumu Charles V, imene asilikali ake anafunkha mzinda wa Roma mu 1527. Mlembi wina, John Foxe, amene analemba patapita zaka zoposa 30, asimba kuti Anne Boleyn ndiye anapereka kabuku ka Fish kwa mfumu. Koma boma la mfumu yomweyo linaletsa kabukuko mu 1530, pamodzi ndi mabuku a William Tyndale. Henry sanafune chiphunzitso cha Fish. Anafuna mantha amene kabukuko kanaika m'mitima ya mabishopu.

Zimene zinatsatira zinabwera mofulumira. Nyumba ya Malamulo inakumana pa 3 Novembala 1529, ndipo inayamba ndi nkhani yonga ya Hunne. Inalamula kuti pa maliro a mwana, a mkazi wokwatiwa kapena a munthu wosauka wansembe asatenge kanthu, ndipo ngakhale pa munthu wolemera asapitirire masheleni 10. Mu 1531 mfumu inaimba mlandu ansembe onse a dzikolo pamodzi. Kuti akhululukidwe, a chigawo cha Canterbury analonjeza mapaundi 100,000, ndipo a chigawo cha York mapaundi 18,840. Pa 15 Meyi 1532 ansembe anagonja, navomera kuti sadzapanganso lamulo la Mpingo popanda chilolezo cha mfumu. M'mawa mwake More anatula pansi udindo wake. Mu 1533 kunaletsedwa kutengera milandu ku Roma. Mu 1534 lamulo linanena kuti mfumu ndiyo Mutu Waukulu wa Mpingo wa England pansi pano, ndipo msonkho umene mabishopu atsopano anali kutumiza kwa Papa unayamba kulowa m'thumba la mfumu. Bishopu John Fisher ndi Thomas More anakana kuvomera, ndipo anadulidwa mitu mu 1535, Fisher pa 22 Juni, More pa 6 Julayi.

M'chaka chomwecho nduna ya mfumu, Thomas Cromwell, inatuma anthu kukawerenga chuma chonse cha Mpingo. Anapeza kuti nyumba za amonke ndi asisitere zinali kulandira mapaundi oposa 130,000 pa chaka. Mu 1536 nyumba zazing'ono, zolandira mapaundi osafika 200 pa chaka, zinatsekedwa. Anthu a kumpoto kwa England, amene ambiri a iwo anali alimi wamba, anauka zikwizikwi motsogozedwa ndi Robert Aske, ndipo chimodzi mwa zopempha zawo chinali chakuti nyumbazo zibwezedwe. Mfumu inawalonjeza chikhululukiro, iwo anabalalika, ndipo mu 1537 Aske ananyongedwa ku York. Nyumba yotsiriza, ya ku Waltham, inaperekedwa mu Malichi 1540. Chimene Fish anapempha chinachitika, ngakhale iye sanachione, pakuti anafa ndi mliri mu 1531.

Nanga opemphapempha aja analandira chiyani? Tinene zoona zonse. Mfumu inakhazikitsa madayosizi 6 atsopano, inayambitsa makoleji a Trinity ku Cambridge ndi Christ Church ku Oxford mu 1546, ndipo chipatala cha St Bartholomew mu London chinakhazikitsidwanso anthu a mumzindawo atadandaula. Amonke ambiri anapatsidwa penshoni. Koma gawo lalikulu la minda linagulitsidwa kwa anthu olemera, ndipo ndalama zake zinathera ku nkhondo zomenyana ndi France ndi Scotland. Kumbukirani tsopano ngolo ndi chikwapu zija. Mu 1531 Nyumba ya Malamulo yomweyo inalamula kuti okalamba ndi olumala azipempha ndi chikalata cha chilolezo, koma munthu wamphamvu wopezeka akupempha amangiriridwe ku ngolo ndi kukwapulidwa mumsika. Chilango chimene Fish anafunira amonke chinagwera opemphapempha. Mu 1547, Henry atamwalira, kunadza lamulo loopsa koposa, lakuti woyendayenda wokana ntchito amudinde ndi chitsulo chamoto ndi kumusandutsa kapolo zaka ziwiri. Linachotsedwa patapita zaka zochepa. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chuma cha amonke chinali fodya wapachala kwa amphawi.

Olemba timabuku eni ake anazindikira zimenezi. Cha mu 1542 Henry Brinklow, amene anali wa malonda, analemba The Complaint of Roderick Mors. Iye anali mdani wa Papa monga Fish, koma anadandaula kuti eni minda atsopano akweza lendi, ndi kuti chuma chimene chikanamanga sukulu ndi kudyetsa osauka chapita kwa olemera. Koma nthawi imeneyi anali kudandaulira mwini wake amene anatenga chumacho. Kale munthu wolakwiridwa ndi bishopu anali kuthawira kwa mfumu. Tsopano bishopu anali wantchito wa mfumu, ndipo kothawira kunalibe.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. William Tyndale, amene mu 1528 analemba buku lophunzitsa kuti mfumu iyenera kumveredwa ndi onse, ngakhale ansembe, anatsutsa za kusudzula Catherine, nakhala mdani wa Henry. Anaphedwa ku Vilvoorde, m'dziko la Charles V, mu 1536. Cromwell anadulidwa mutu pa 28 Julayi 1540. Patapita masiku awiri, pa malo otchedwa Smithfield mu London, anthu 6 anaphedwa tsiku limodzi: atatu ananyongedwa chifukwa chokana kuti mfumu ndiyo mutu wa Mpingo, ndipo atatu anatenthedwa chifukwa cha chiphunzitso cha Luther.

Mbadwo wotsatira unaonetsa chinthu chomwechi poyera. Mfumukazi Mary inabwezera dziko kwa Papa mu 1554, koma mu 1559 Mfumukazi Elizabeth I inatenganso mphamvuyo ndi dzina lakuti Wolamulira Wamkulu wa Mpingo. Mu 1588 ndi 1589 kunatuluka timabuku 7 toseka mabishopu, tolembedwa ndi munthu wodzitcha Martin Marprelate. Tinali tanthabwala, ndipo anthu anatikonda. Koma mabishopu ameneyu anali kuwaseka anali osankhidwa ndi mfumukazi, kotero kuwanyoza kunali kunyoza mpando wachifumu. Makina osindikizira anali kuwasamutsa mobisa nyumba ndi nyumba, kufikira anagwidwa pafupi ndi Manchester mu Ogasiti 1589. John Penry, mmodzi wa oyendetsa ntchitoyo, ananyongedwa mu 1593 pa mlandu wa zolemba zoukira mfumukazi.

Dzina limene Elizabeth I anatenga likadalipo, ndipo Mfumu Charles III ili nalo kuyambira mu 2022, ngakhale kuti mphamvu zonga za Henry zinatha kalekale. Aanglikani a kuno kwathu sali pansi pa dzina limenelo, pakuti chigawo chawo cha Pakati pa Africa chinakhala chodziimira pachokha mu 1955.

Potsiriza ndikusiyirani mafunso atatu amene nkhaniyi yandiphunzitsa kufunsa ndikalandira kapepala kalikonse kolankhula m'dzina la anthu ovutika. Loyamba, kodi amene alankhulayu ndi mwini mavuto, kapena wabwereka pakamwa pake? Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Lachiwiri, kodi nambala yoyamba ya samu yake waitenga kuti? Lachitatu, chinthu chikalandidwa kwa uyu, chilowa m'manja mwa yani, ndipo iyeyo akalakwa tidzakamusumira kuti? Simon Fish anafunsa bwino za chuma cha ansembe, koma funso lachitatuli sanalifunse.